A pulana amene anatithandiza kusintha munda wa agogo kukhala maploti a nyumba ku Mangochi, mmene anagwirira ntchito

Miyezi 11. Imeneyi ndi nthawi imene inadutsa kuchokera tsiku limene ndinatumiza ndalama yoyamba pa Airtel Money kwa katswiri wa mapulani a malo mpaka tsiku limene ndinagwira mmanja kalata ya chidindo yonena kuti mbali ina ya munda wa agogo athu tsopano ndi malo omangapo nyumba zokhalamo. Iwo poyamba anandiuza kuti miyezi inayi zonse zikhala zitatheka. Nde ndayambira dala pamenepa kuti wina asaganize kuti ndikungowatamanda, pa nkhani ya nthawi anandipweteka mtima kwambiri. Koma mutandifunsa lero ngati ndingawapatsenso ntchito ndiyankha kuti eya mosazengereza. Dzina lawo ndi la kampani yawo sinditchula poti mmenemu muli zodandaula zanga, ndiziwatchula kuti a pulana basi mmene timawatchulira kwathu.

Munda wake uli kunja pang'ono kwa tauni, mukamapita cha ku Monkey Bay n'kukhotera mbali ya kunyanja. Agogo aakazi ankalima chimanga kumtunda, kumunsi kudambo ankadzala mpunga, ndipo ife tonse tinakulira kuingitsa mbalame mumpunga umenewo. Atamwalira munda unatsala mmanja mwa mbumba, amalume ndi amene amayang'anira. Vuto ndi loti tauni yatipeza. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 53,000 mtauni ya Mangochi yokha, boma lonse opitirira 1.1 miliyoni, ndipo aliyense wokhala kuno akuona yekha kuti kuchokera nthawi imeneyo nyumba zangomera ngati bowa, anyamata a ku Joni akutumiza ndalama, malo amene tinkatola masawu pano pali mipanda ya mabuloko ndi mageti achitsulo. Achimwene anga nawo ali ku Johannesburg chaka cha 9 tsopano, nde anati tidule maploti, ena tigulitse, ena timangepo nyumba za lenti, amayi asamavutikenso ndi khasu.

Amalume anali atakonza kale zonse mmutu mwawo. Chingwe cha nayiloni, zikhomo, kuyeza ndi mapazi, maploti 14, kalata ya amfumu, basi. Dobadoba wina anali atabweretsa kale kasitomala wa ploti ya kumunsi kwenikweni ndipo amalume anali atalandira dipoziti osatiuza. Amene ndinakana ndine. Mnzanga wina wa kutchalitchi anagula ploti ya mtundu umenewu, atafika pa lintala anangopeza pakhoma palembedwa ndi penti yofiira kuti asiye kumanga, mpaka lero nyumba ija ili chiimire yopanda denga udzu ukumera mkati. Komanso 2024 tonse tinaona ndi maso athu madzi a nyanja akulowa mmalodji ndi mnyumba za anthu mmbali mwa nyanja ndi mwa Shire. Ndinawauza amalume kuti ndalama ya achimwene ndi ya thukuta la kudziko la eni, sindingalole kuti ikwiririke mmatope.

Ofesi ya a pulana ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa mashopu, fani imodzi, laputopu, mapu opindidwa pakona. Chinthu choyamba chimene chinandikhazika mtima pansi ndi choti nditawafunsa ngati ali olembetsedwa sanakwiye ayi, anatulutsa satifiketi yawo n'kundipatsa mmanja kuti ndiwerenge ndekha. Anandifotokozera kuti lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa mmalo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, linakhazikitsa bodi yolembetsa anthu a ntchito yawoyi, ndipo kuti lamulo lomwelo linati dziko lonse la Malawi ndi dera loyenera kutsata mapulani, osati Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu mokha ngati mmene ambirife timaganizira. Inu amene mukufuna munthu wa ntchito imeneyi funsani pepala limenelo tsiku loyamba lomwe, chifukwa kuno aliyense amene ali ndi kompyuta yojambulira amadzitcha pulana.

Tsiku limenelo sanandilipiritse kalikonse. Anangondiuza kuti ndiwatumizire lokeshoni ya munda pa WhatsApp ndipo ndibwerenso Lachinayi, akhala atapita kukaona kuti pa mapu a mapulani malo athu analembedwa kuti ndi a chiyani. Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene ndikufuna aliyense wa kuno achimve. Ine ndinkaganiza kuti kusintha ntchito ya malo, chimene iwo amati change of use, ndi nkhani yokapempha bwana wina wake, akakumvera chisoni akudindira. Ayi ndithu. Pali mapu amene anajambulidwa kale iwe usanaganize n'komwe zodula maploti. Pali pulani ya dziko lonse, pali ya boma, kenako pali mapulani a dera monga a tauni, amene amaonetsa ndi mitundu kuti uku n'kwa nyumba zokhalamo, uku n'kwa mashopu, uku sukulu ndi chipatala, uku mafakitale, uku manda, uku msewu udzadutsa, uku pasamangidwe kanthu. Komiti ya mapulani ikakhala pansi kuona pempho lako imayamba yatsegula mapu amenewo. Pempho likamagwirizana ndi kumene pulani ikulozera kuti tauni ikulire, njira imakhala yofewa. Likamatsutsana nayo, uyenera kubwera ndi zifukwa zogwira mtima, ndipo malo ena ngakhale utabwera ndi zifukwa zotani yankho limakhala lomwelo.

Lachinayi lija anayala pepala pa tebulo n'kupsinja makona ake ndi foni, kapu ndi sitepula kuti fani isaliulutse. Munda wathu anauzunguliza ndi pensulo. Anati, “Mayi, nkhani yabwino ndi yoti kumtunda kwanuku kwagundana ndi dera limene linaikidwa kale kuti ndi la nyumba, nde kupempha kuti mbali imeneyi ilowe nawo si chinthu chachilendo. Koma kumunsiku ndikuuzirenitu lero lomwe, ine sindikalembako pempho. Mukafuna wina woti akulembereni mumupeza, adzadya ndalama yanu, komiti idzakana.” Mawu amenewa anandiwawa chifukwa kumunsi ndi kumene kuli malo aakulu, koma ndi amenenso anandichititsa kuti ndiwapatse ntchito. Munthu wofuna ndalama yokha sakanayamba ndi kuchepetsa ntchito yake yomwe.

Tinagwirizana kulipira katatu, poyamba, akamaliza kujambula, ndi kalata ikatuluka. Anandilembera pa pepala n'kusaina. Ndibwereranso ku pepala limeneli chifukwa ndi pamene panadzatuluka mkangano wathu.

Kumunda tinapita mu Okutobala, dzuwa la Mangochi lija loti nsapato ya pulasitiki imafewa. Anabwera pa kabaza wa njinga yamoto ndi mnyamata wawo atanyamula GPS ndi tepi. Amalume anali atafika kale atakhala pansi pa mgwalangwa nkhope ili gwa. Dambo linali louma gwagwagwa, dothi la makande litang'ambika ming'alu yoti dzanja limalowa. Amalume anati, “Mwana wanga, ine ndakulira pano, taona wekha, madzi ali kuti apa?” A pulana sanatsutsane nawo. Anawapempha kuti ayende nawo limodzi, anatsika mpaka kumene amalume anakhoma zikhomo za ploti ya kasitomala uja, anawerama n'kutola tizigoba ta nkhono toyera timene tinali mbwee pansi, anawaika amalume mmanja. Kenako anawalozera tsinde la mtengo pamene panali mzere wakuda wa matope ofika mchiuno mwa munthu wamkulu, zinyalala za bango zidakali zokodwa mmakungwa. Anati, “Bambo, inu mukudziwa malo ano kuposa ine, tandiuzani, mzerewu unabwera ndi chiyani?” Amalume anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati madzi a chaka chino anali achilendo. A pulana anati, “Zoona bambo, koma nyumba imamangidwa kuti ikhale zaka 50, madzi achilendo adzaipeza.” Sanawanyoze, sanawayankhule Chingerezi chowaopseza nacho, ndipo ine pa ulemu umenewu ndimawapatsa mamalikisi onse. Nkhani za malo a mbumba zimaphwasula mabanja, munthu wakunja akalankhula mosasamala kwa mwinimbumba ntchito yonse imathera pomwepo.

Tili pomwepo anatifotokozera za mzere wa mamita 477. A National Water Resources Authority, bungwe la boma loyang'anira madzi, amanena kuti mmbali mwa nyanja ya Malawi malo onse amene ali pansi pa mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere ndi malo a madzi, osayenera kumangapo. Mu 2024 nyanja inadutsa mamita 476, nde mutha kuona kuti mzere umenewo sanangoulota. Anthu ambiri kuno amaloza chala ku baraji ya ku Liwonde kuti ndi imene imasunga madzi, ndipo n'zoona kuti zitseko za kumeneko ndi zimene zimawongolera madzi otuluka mu Shire kupita ku magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira komanso kumunsi ku Chikwawa ndi Nsanje, koma a pulana anati kaya zitseko zitsegulidwe kaya zitsekedwe, komiti siyang'ana mkangano umenewo, imayang'ana kuti malo ako ndi okwera bwanji. Anavomerezanso poyera kuti ka GPS ka mmanja sikanena bwinobwino kukwera kwa malo, pafunika saveya wa zida zake.

Apa nde pali dandaulo langa loyamba lalikulu. Pa pepala lija la mtengo, ndalama ya saveya munalibe. Ine ndinkadziwa kuti zonse zili momwemo. Patatha sabata ziwiri ndikulandira meseji yoti saveya akufuna yake, ndipo sinali yochepa, inali yoti ikanagula matumba a simenti okwanira fondeshoni ya kanyumba. Nditadandaula anati iwo ndi pulana, saveya ndi ntchito ina ya lamulo lina, amaganiza kuti ndikudziwa. Ndingadziwe bwanji ine wogulitsa zitenje? Ngati ndinabwera kwa inu n'chifukwa choti sindikudziwa. Ndinachita kuwaimbira achimwene usiku kuwapempha kuti awonjezere, iwo n'kuyamba kukayikira ngati ndalama ikupitadi ku malo, ndipo aliyense amene anasungako ndalama ya m'bale wa ku Joni akudziwa kuwawa kwa funso limenelo. A pulana anapepesa koma ndalama inatulukabe mthumba mwathu. Inu mukamagwirizana nawo auzeni alembe mndandanda wa aliyense amene adzafune ndalama mpaka kumapeto, saveya, zolipira ku boma, kusindikiza mapu aakulu aja, thiransipoti yawo, zonse.

Saveya atamaliza, kujambula kunayamba, ndipo apa ndi pamene maploti 14 a amalume anayamba kusungunuka. Kumunsi konse kunachoka. Kenako pakona ya kumtunda mapu a mapulani amaonetsa msewu umene udzadutse mtsogolo, lero pali kanjira ka njinga chabe, koma a pulana anati tikaikapo ploti komiti idzaona nthawi yomweyo. Ananditengera chitsanzo cha msewu waukulu, kuti misewu ya M ngati wopita ku Monkey Bay uli ndi malo ake mamita 60, kutanthauza 30 mbali iyi 30 mbali inayo kuchokera pakati, ndipo amene amamanga mmenemo tsiku lokuza msewu salira ndi munthu. Wathuwu ndi waung'ono koma mfundo yake ndi yomweyo. Kuwonjezera apo anati ploti iliyonse iyenera kukhala ndi njira yakeyake yolowera galimoto, osati kudutsa pakhonde pa mnzako, nde anadula msewu pakati pa munda wonse. Amalume ataona anati msewu umenewu wadya ploti ziwiri zathunthu. A pulana anawafunsa kuti mayi woyembekezera akadwala usiku ploti ya kumapeto, ambulansi idzaima pati, nanga moto ukabuka. Amayi anga amene anakhala chete nthawi yonseyi ndi amene anayankha kuti msewu ukhale.

Nkhani imene anakhalitsapo kwambiri, ndipo ine sindinkaiganizira n'komwe, ndi ya zimbudzi. Achimwene ankafuna timaploti ting'onoting'ono tambiri, zija amati high density, kuti lenti ichuluke. A pulana anati kukula kwa ploti sikuchokera pa dyera la mwini malo, kumachokera pa zimene pulani ya deralo inaika komanso zimene nthaka ingakwanitse. Kwathuko madzi a pansi ali pafupi, nthawi ya dzinja ukakumba pang'ono wawapeza, nde ukathithikiza mabanja ambiri aliyense ndi chimbudzi chokumba, wina n'kukumba chitsime pambali, wapanga fakitale ya kolera. Ife a Mangochi kolera ya 2022 mpaka 2023 sitinaimve pa wailesi, tinaika maliro. Nde anajambula maploti apakatikati, osati a kumayadi koma osatinso othinana, aliyense ndi malo a seputiki tanki kutali ndi malire, ndipo mu lipoti lawo analemba kuti paipi ya Southern Region Water Board ili pafupi kotero anthu sadzadalira zitsime. Anasiyanso mpata pansi pa mawaya a ESCOM amene amadutsa chakumpoto kwa munda. Pomaliza maploti anatsala 8.

Lipoti limenelo ndinaliwerenga lonse ngakhale linali la Chingerezi, pamene ndinakakamira anandimasulira. Ndi pamene ndinaona kusiyana kwa pulana ndi munthu wongojambula. Sanalembe kuti banjali likuvutika lithandizeni. Analemba kuti malowa agundana ndi dera la nyumba, kuti tauni ikukulira mbali imeneyi, kuti msewu, madzi ndi magetsi zili pafupi, kuti dambo lasiyidwa kuti madzi a mvula azikhala ndi kopita, kuti msewu wa mtsogolo walemekezedwa. Anatchulamonso kuti mu masomphenya a Malawi 2063 Mangochi ndi Monkey Bay zili mgulu la malo amene boma likufuna akule kukhala mizinda, nde malo okhala anthu okonzedwa bwino adzafunika. Mwachidule anayankhiratu mafunso amene komiti ikanafunsa, chifukwa pempho lotere limadutsa mmaso mwa anthu a misewu, a zaumoyo, a zachilengedwe, a madzi, a malo, aliyense ndi mbali yake.

Mapepala a kumudzi anatithandizanso bwino. Anatiuza kuti tisayerekeze kupita patsogolo popanda banja lonse kugwirizana polemba, nde tinakhala pansi pa khonde la amayi, azakhali, amalume awiri, achimwene pa vidiyo kolo, tinalemba zimene tagwirizana aliyense n'kusaina kapena kudinda chala, mafotokope a ziphaso za unzika, kalata ya amfumu ndi ya agulupu. Anatiuzanso kuti tiwadziwitse oyandikana nawo munda tisanapereke pempho, kuti asadzamve kwa anthu ena n'kukadandaula. Mayi wina wa munda wa kumadzulo anali ndi nkhawa yoti madzi ochokera pa malata athu azidzathira mmunda mwake, a pulana anapita okha kukamuonetsa pa mapu pamene ngalande idzadutse. Ndalama zolipira ku boma anakana kuzigwira, anati ndipite ndekha ndikalipire ndipo risiti ndisunge ine, iwo angotenga fotokope. Panthawiyo ndinaona ngati akundivutitsa ndi maulendo, koma marisiti amenewo ndi amene anabweza mtima wa achimwene nditawajambulira.

Tsopano dandaulo lachiwiri, limene mpaka pano ndikaliganiza mtima umawira. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale munthu uja anasowa. Foni ikuitana osayankha, meseji matiki awiri a buluu koma zii, ukapita ku ofesi mnyamata uja akuti abwana ali ku Zomba, sabata yotsatira ali ku Blantyre, ina ali ku Namwera ku ntchito ina. Ine ndikumvetsa kuti kampani ya munthu mmodzi imakhala ndi makasitomala ambiri, koma kuyankha kuti mayi sabata ino palibe chatsopano kumatenga mphindi imodzi. Choipa kwambiri n'choti atapereka mapepala anabwezedwa chifukwa dzina la agogo pa mapu linalembedwa mosiyana ndi la pa kalata ya agulupu, chilembo chimodzi chokha, komanso tsamba lina linalibe siginecha. Kulakwitsa kwa iwowo kumeneko. Komiti ya mapulani sikhala tsiku lililonse, ukaphonya nkhumano imodzi udikira ina, nde chilembo chimodzi chinatidyera miyezi. Ndipo sanandiuze okha, ndinachita kumva kwa mnyamata wawo. Nditawapeza maso ndi maso ndinawauza kuti bambo, kulakwitsa aliyense amalakwitsa, koma kundibisira ndi kumene kwandinyoza. Anavomera, anakonza ndi ndalama yawo, kusindikizanso mapu onse sanandilipiritse, ndipo kuchokera tsiku limenelo Lachisanu lililonse ankanditumizira meseji ngakhale ya mzere umodzi. Akanayamba choncho bwenzi ndime ino kulibe.

Mu Febuluwale momwemo mvula itagwa masiku atatu otsatizana ndinapita kumunda ndi amalume. Kumunsi kuja kunali nyanja, zikhomo zawo za ploti ya kasitomala zikungooneka nsonga, achule ali pakamwa. Kumtunda kumene a pulana anajambula maploti kunali matope wamba oti umayenda. Amalume anavula nsapato, analowa mmadzi mpaka mmawondo n'kuzula zikhomo zija chimodzichimodzi okha. Dipoziti ya munthu uja anabweza pang'onopang'ono atagulitsa mbuzi, ife tinawonjezerapo.

Kalata inatuluka mu Julayi. Komiti ikhoza kuvomera, kuvomera ndi mfundo zoti utsate, kapena kukana, ndipo ikakana lamulo limakupatsa mwayi wokadandaula pamwamba. Yathu inali yovomera ndi mfundo: msewu wa pakati utsegulidwe nyumba zisanayambe, ngalande ikumbidwe, kumunsi kusamangidwe chilichonse, maploti asadulidwenso pawiri. A pulana anandikhazika pansi n'kundiwerengera mfundo iliyonse, kenako anandichenjeza chinthu chimene anthu ambiri amasokoneza. Kalata imeneyi si umwini wa malo. Ikungonena kuti malowa akhoza kugwira ntchito ya nyumba. Umwini uli ndi njira yake, kaya ndi lizi ya ku Lands imene kwa Mmalawi imatha kufika zaka 99, kaya ndi kulembetsa malo a makolo pansi pa Customary Land Act ya 2016, kumene komiti ya malo ya kwa gulupu imakhala ndi anthu 6 osankhidwa, osachepera atatu amayi, agulupu ali wapampando. Ndipo aliyense wogula ploti, ngakhale ife eni ake, ayenera kukaperekanso pulani ya nyumba yake kuti ivomerezedwe asanakumbe fondeshoni. Zitseko zitatu zosiyana, iwo anatitsegulira chimodzi, ndipo sananamizire kuti atsegula zonse.

Nde ngati mukudzifunsa ngati ndalama yake ikuyenera, ine ndikuti pa kudziwa ntchito, kunena zoona ngakhale zowawa, ndi ulemu kwa akuluakulu, munthu uyu ndi wabwino kwambiri. Pa kusunga nthawi, kuyankha foni ndi kunena mtengo wonse poyamba, ndi wofooka ndipo ndinamuuza pamaso. Ngati muli kunja ndipo mulibe m'bale woti azikagogoda pa ofesi sabata ndi sabata, muvutika naye. Ngati malo anu ali mmbali mwa nyanja kapena mwa Shire ndipo mukufuna munthu woti akakukankhireni pempho pamalo pamene madzi amafika, kwa iyeyu musapite, akubwezani tsiku loyamba. Ndipo inu amene simunagule, mukungoonetsedwa ploti ndi dobadoba mwezi wa Okutobala pouma, mulipireni pulana kandalama kochepa kuti akakuonereni kaye pa mapu musanapereke dipoziti, ntchito imeneyo amaigwira payokha ndipo ndi ya masiku ochepa.

Pano mabikoni a simenti ali mmakona mwa maploti onse 8, msewu wa pakati tinalemba anyamata anaulambula, maploti atatu tagulitsa ndipo ogula onse tinawapatsa fotokope ya kalata ija ndi mfundo zake kuti asadzati sanauzidwe. Pulani ya nyumba ya achimwene ili kokavomerezedwa, mabuloko tayamba kuumba. Kumunsi azakhali adzalanso mpunga chaka chino pamalo pomwe agogo ankadzala. Ndalama yomaliza ya a pulana ndinapereka yonse, koma kope ya mapu athu ya pa kompyuta imene analonjeza kunditumizira pa WhatsApp sinafikebe, Lolemba ndikupita konko ndi fulashi yanga.